Mowa wakuda wa mphatso ya Khrisimasi: unawonongeka, kapena ine ndi amene sindidziwa kumwa?

Mlendo_waku_Leeds
Abale anga, ndigawireni nzeru. Ino ndi Khrisimasi yanga yoyamba kuno ku Mangalande. Kuntchito tinachita zopatsana mphatso, ndiye mzungu wina amene ndimagwira naye usiku anandipatsa timabotolo tiwiri ta mowa wakuda ta 330 ml, atatikulunga m'mapepala ngati mazira. Palembedwa kuti imperial stout, 10.5%, wofulula ndi kakampani kakang'ono ka konkuno ku Yorkshire. Anachita kundigwira paphewa n'kunena kuti umenewu ndi wa nyengo yachisanu, ndisaumwe tsiku wamba.

Dzulo nditaweruka ndinaponya kamodzi mu firiza kuti kazizire msanga, kenako ndinatsegula n'kuyamba kupapira pabotolo pomwepo, monga timachitira ndi Green pa Bwandilo. Zimene ndinakumana nazo, musamve. Kuwawa kwake ngati nkhoko za mumphika umene mwana anauiwala pamoto. Kulemera kwake ngati oilo wa injini. Ndinalimba mtima poti ndi mphatso, mphindi khumi kabotolo kanatha. Poti ndiimirire, miyendo ngati yobwereka. Kabotolo kamodzi! Ine amene kwathu ndinkamaliza ma Green anayi n'kuyenda wapansi kuchoka ku Area 47 mpaka ku 49.

Ndiye ndikufunsa: kodi mowawu unawonongeka, kapena azungu amamwadi zimenezi mwadala? Kachiwiri kali pawindo apa, ndikufuna kukakhuthulira mu sinki.

Gonthi_wa_Ndirande
Musakhuthule mu sinki achimwene, sinki yalakwanji? Ine pakhosi panga ndi sinki yabwino, ndili ku Bradford pompa, basi imodzi ndafika.

MaiAwiri_Luton
Mu firiza? Mphatso ya mwini wake mwaizunzatu. Munthu anagula ndi ndalama zambiri ameneyo, kabotolo koteroko sikotchipa.

Mdzukulu_wa_Wofulula
Achimwene a ku Leeds, mowawo sunawonongeke. Mowa wowonongeka umawawasa ngati thobwa logona masiku anayi, kapena umanunkha ngati katoni yonyowa. Inu mukunena zowawa ndi zopserera, ndipo kumeneko ndiye kukoma kwake kumene anaupangira, kungoti inu munamva theka lokha.

Ndiyambire kwathu kuti timvane. Agogo anga ku Dedza ankafulula masese. Amene munakulira kumudzi mukudziwa chimera: kunyika mawere kapena mapira, kufundika mpaka atamera, kuyanika, kusinja. Azungu amachita chimodzimodzi, koma mbewu yawo ndi balere. Chimene iwo amati malt ndi chimera basi. Kusiyana kwa Green ndi mowa wanuwo kuli pa kukazinga. Chimera cha mowa woyera amangochiumitsa pa moto wochepa. Cha mowa wakuda amatapako gawo lina n'kulikazinga mu mgolo wozungulira mpaka litada bii ngati khofi. Gawo limeneli silikhala lalikulu, nthawi zambiri limodzi mwa magawo khumi kapena kupitirira pang'ono, koma ndi limene limadetsa mowa wonse n'kubweretsa fungo la khofi, la chokoleti chowawa chija, ndi la nkhoko mwanenazo. Mgolo wokazingirawo anayambitsa ndi Daniel Wheeler ku London mu 1817. Iye asanabwere, mowa wa mtundu umenewu unkakhala wofiirira, osati wakuda chonchi.

Tsono kuti mowa ufike 10.5%, amathira chimera chochuluka kwambiri m'madzi ochepa. Yisiti imadya shuga n'kumusandutsa mowa, koma siimaliza yense. Shuga wotsalayo ndi amene amaulemeretsa, oilo wa injini mwanenayo. Kuti usachite kutsekemera ngati manyuchi, amawonjezera hops wambiri, timaluwa towawa ta mbewu ina. Choncho m'kabotolomo muli zinthu ziwiri zokokana, kutsekemera ndi kuwawa. Mukauzizira kwambiri, lilime silimvanso kutsekemera ndipo fungo silituluka, kumangotsala kuwawa kokhakokha. Ndi zimene firiza inakuchitirani. Kumwera pabotolo kunawonjezera, chifukwa mphuno inalibe pogwira.

Kachiwiriko kasiyeni pawindo pomwepo ngati chipindacho n'chozizirira, kungoti kasaombedwe ndi dzuwa. Umafuna madigiri 12 kapena 13, kuzizira kwa madzi a mumtsuko. Thirani mu tambula yotakata pakamwa, ngakhale ya vinyo, dikirani thovu likhazikike, ndipo kabotolo kamodzi kakutengereni ola lathunthu.

Mlendo_waku_Leeds
Ola lathunthu kabotolo kamodzi? Akulu, anzanga a ku Biwi atamva zimenezi andichotsa m'kaundula.

Nesi_wa_Usiku
Za miyendo yobwerekayo ndiyankhe ine. Kuno amawerengera mowa m'ma unit, ndipo unit imodzi ndi 10 ml ya mowa weniweni wopanda madzi. Kabotolo kanu: 330 kuchulukitsa ndi 10.5, kugawa ndi 1000, tikupeza pafupifupi ma unit atatu ndi theka. Botolo lofanana nalo la mowa woyera wa 5% lili ndi unit imodzi ndi theka n'kanthu pang'ono. Ndiye munamwa mabotolo awiri ndi kachidutswa m'mphindi khumi, mutangoweruka usiku wonse osagona, ndipo ndikukayika ngati munali mutadya. Thupi limachotsa pafupifupi unit imodzi pa ola. A zaumoyo kuno amati munthu asapitirire ma unit 14 pa sabata, ndiye kabotolo kanu kokha ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a sabata yonse.

Mlendo_waku_Leeds
Achemwali mwalosera ngati munalipo. Ndinali nditangodya mabisiketi awiri pa shifiti.

Kabwerebwere265
Ine zinthu izi zimandiseketsa. Munthu akangokwera ndege amayamba kununkhiza mowa ngati akugula mafuta odzola. "Ndikumva khofi, ndikumva chokoleti." Mukafuna khofi pitani ku Mzuzu, alipo wabwino. Mowa ndi mowa, timamwera kuti mutu uzungulire pang'ono tiiwale mabilu a gasi. Azungu amangopeza njira yokugulitsani kabotolo kamodzi pa mtengo wa kireti.

Mdzukulu_wa_Wofulula
A Kabwerebwere, agogo anga sanakwerepo ndege, koma mowa ukapsa ankatapa ndi chipanda, kununkhiza, kulawa kunsonga kwa lilime, n'kunena kuti uwu ugone usiku wina. Amuna a m'mudzimo ankadziwa kuti wa a Nangozo ndi wotsekemera, wa a Nabanda ndi waukali, ndipo ankakangana pansi pa mtengo mpaka dzuwa kulowa. Kulawa mowa sitinaphunzire kwa azungu. Zimene tinaphunzira m'tauni ndi zopikisana kuchuluka kwa mabotolo patebulo.

Kabwerebwere265
Apo pokha mwandigwira. Koma za mtengo sindikubweza mawu.

Madala_aku_Dublin
Ana inu, ndalowa mochedwa koma ndilankhuleko, poti ine ndimakhala kwawo kwa mowa wakuda, chaka chino n'cha 19. Choyamba chimene anthu akwathu amalakwitsa n'kuganiza kuti mowa ukada ndiye kuti ndi waukali. Guinness amene amathira pampopi m'mabala a kuno ndi 4.2% yokha, wofooka kuposa ma lager ambiri, mowa woyera uja, amene mumamwa osaopa. Amaoneka wolemera chifukwa cha thovu lake losalala ngati zonona za mkaka, ndipo thovulo limachokera ku mpweya wa nitrogen umene timathovu take ndi tating'ono kwambiri. Njira imeneyi anaitulukira ndi Michael Ash, munthu wa masamu, ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1959, kampani itakwanitsa zaka 200. Kampira kamene kamagogoda m'chitini mukamaliza kumwa kaja ndi ka ntchito yomweyo. Mlendo wanga wina wochokera ku Zomba anafuna kukabweza chitini ku sitolo ati muli chinthu chachilendo.

Arthur Guinness, woyambitsa kampaniyo, anasaina pangano la malo a fakitale a St James's Gate kuno ku Dublin pa 31 Disembala 1759, la zaka 9,000, lendi yake mapaundi 45 pa chaka. Ine lendi yanga ya chipinda chimodzi ndisanene. Ndipo mukaunyamula ku kuwala mowawo si wakuda ayi, ndi wofiira kwambiri ngati magazi a ng'ombe ouma. Yesani ndi wanuwo, ngakhale imperial stout yambiri kuwala sikudutsa n'komwe.

Waukali wa banja limeneli ndi Foreign Extra Stout, 7.5%, umene anayamba kuufulula mu 1801 kuti uzipita kutali pa sitima za pamadzi osawonongeka. Ku Africa unafika kale kwambiri, mu 1827 unali utafika ku Sierra Leone. Wa achimwene athuwa ndiye mkulu wake wa onsewa.

Gonthi_wa_Ndirande
Madala, Guinness wa ku Nigeria uja bwanji? Kuno m'masitolo a anthu a ku West Africa amagulitsa, ndipo anyamata a ku Lagos amene ndimagwira nawo ntchito sakhudza wa ku Dublin, ati ndi madzi.

Madala_aku_Dublin
Ali ndi chifukwa, mwana wanga. Fakitale ya ku Ikeja, Lagos, ndi ya mu 1962, yoyamba ya Guinness kunja kwa Ireland ndi Britain. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma la Nigeria linaletsa kuitanitsa chimera cha balere, ndiye anayamba kufulula ndi mapira. Inde, mapira omwewa a ku Nsanje ndi ku Chikwawa. N'chifukwa chake kakomedwe kake n'kosiyana, kotsekemerako pang'ono, ndipo anthu ake anazolowera kotero kuti amachita kuutumiza kuno ku Ulaya. Ine ndikaumwa ndimamva kwathu kuposa wa pampopi.

Mjoni_wa_Rosettenville
Mukamati mowa wa chisanu cha Khrisimasi ife kuno ku Joni tikungokuonerani. Panopa kukutentha, mvula ya mabingu madzulo aliwonse, munthu sungayerekeze mowa wolemera. Yathu nyengo ndi June ndi July, pamene m'mawa umapeza madzi a mu ndowa atachita chikhungu pamwamba. Apo ndiye Castle Milk Stout amayenda. Ndi 6%, ndipo pabotolo pali ng'ombe. Ine ndinkaganiza kuti amathiramo mkaka weniweni.

Mdzukulu_wa_Wofulula
Amathira shuga wa mu mkaka, lactose. Yisiti ya mowa siitha kumudya, ndiye amatsala momwemo n'kuufewetsa mowawo. Zinayambira ku Kent kuno, kampani ya Mackeson, zaka zoyambirira za m'ma 1900. Amene mimba yawo imadana ndi mkaka azisamala nawo.

Ankolo_a_Mponela
Inu mukuzungulira. Ubwino wa stout tonse tikuudziwa, amawonjezera magazi. Ine mu 1994 nditadwala malungo mpaka kuyera m'maso, malume anga ankandisakanizira Carlsberg Stout ndi mkaka ndi dzira laliwisi m'mawa uliwonse. Sabata ziwiri ndinadzuka n'kukalima. Azimayi akangochira kumene ankapatsidwanso kuti mkaka utuluke. Ngakhale azungu eni ake ankalemba pa zikwangwani kuti Guinness ndi wabwino pa thupi.

Nesi_wa_Usiku
Ankolo, ndi ulemu wonse, apa ndikukanani. Chimene chinakudzutsani ndi mankhwala a malungo, mkaka, dzira ndi nsima ya azakhali. Ayironi amene ali mu stout ndi wochepa kwambiri, mukanafuna kuti akukwanireni pa tsiku mukanamwa ndowa, ndipo chiwindi chikanayamba kufa magazi asanabwere. Mbale ya bonongwe, nyemba, usipa kapena chiwindi cha mbuzi ikuposa kireti yonse. Chikwangwani mukunenacho chinalipodi, chinayamba cha m'ma 1929, koma chinali chotsatsa malonda, ndipo masiku ano malamulo salola kutsatsa mowa ngati mankhwala. Kampaniyonso siinenanso zimenezo.

Za amayi oyamwitsa ndiye chonde tisamabwereze. Mowa umalowa mu mkaka wa m'mawere, ndipo umachedwetsa kutuluka kwa mkakawo m'malo mothandiza. Woyembekezera asakhudze n'komwe, wakuda kapena woyera. Dzira laliwisi nalonso lili ndi zake.

Ankolo_a_Mponela
Ana a sukulu inu. Chabwino, koma ine ndili moyo.

Gonthi_wa_Ndirande
Ankolo ali moyo ngakhale anamwa, osati chifukwa anamwa kkkk

Mphepo_ya_Mzuzu
Koma chimodzi musatsutse, amatenthetsa thupi. Kuno June akafika, chifunga chili thoo kuyambira ku Chikangawa mpaka m'tauni, ukamwa stout mmodzi umamva moto kuyambira pachifuwa mpaka kuzala.

Nesi_wa_Usiku
Pepani alongo, ndikhala ngati wokonda kutsutsa lero. Mumamvadi kutentha, koma thupi likutaya kutentha. Mowa umatsegula timitsempha ta pakhungu, magazi ofunda amathamangira kunja, khungu limasangalala, m'kati mukuzizira. N'chifukwa chake nyengo ino ku chipatala timalandira anthu otoledwa pa siteji ya basi atagona ndi malaya okha, thupi lili zii. Woledzera samva kuti akuzizidwa. Mukamwa mowa woterewu mwerani m'nyumba, osati kumwa n'kuyamba ulendo wapansi pa chisanu cha Disembala.

Mphepo_ya_Mzuzu
Ndiye ndizingokhala pafupi ndi mbaula basi.

MaiAwiri_Luton
Mbaulayo isalowe m'chipinda chogona chonde! Kwathu ku Bembeke tinataya anyamata awiri apachibale usiku umodzi, anatseka chitseko ndi mawindo n'kugona ndi mbaula ya makala. M'mawa anthu anachita kuthyola chitseko. Utsi wake suoneka, sununkha, umangokugonetsa. Ndipo munthu atamwa ndiye sadzidzimuka n'komwe. Kunonso ndamva ena akulowetsa choocherapo nyama m'nyumba pothawa bilu ya magetsi. Musayerekeze.

Kabwerebwere265
Bilu yakeyo ndiye ikupha kale. Mwezi watha ndinayatsa hita maola awiri okha pa tsiku, koma zimene anandilembera ndikanagula matumba a feteleza. Alipo akudziwa ngati kusintha kampani kumathandiza?

Mtumiki_Wachete
Ine ndimangowerenga, koma mtima wandipweteka. Khrisimasi ndi kubadwa kwa Mpulumutsi, ndipo gulu la Amalawi lathera tsiku lonse kuphunzitsana kamwedwe. Makolo anatitumiza kuno kudzasaka, osati kudzadziwa mayina a mowa. Mbale wa ku Leeds, khuthulani mu sinki monga munaganizira poyamba, maganizo oyamba aja anali abwino.

Madala_aku_Dublin
Amayi, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo ine ndaika m'manda anzanga amene botolo linawatenga kuno kutali ndi kwawo. Kusungulumwa kwa Disembala, kunja kukuda 4 koloko masana, kumamwetsa anthu. Koma taonani zimene zanenedwa pano: adye kaye, amwe pang'onopang'ono, asayende pa chisanu, asapatse woyamwitsa. Mnyamatayu akanafunsa ku bala akanamuuza kuti awonjezere lachitatu. Amene samwa asayambe, ndipo kwa ofuna kukoma kokha kuli Guinness 0.0 wopanda mowa, amene ine ndimamwa ndikamayendetsa galimoto.

Mtumiki_Wachete
Ndamva bambo. Ine ndanena zanga, ndipo ndipitiriza kumupempherera.

Woyang'anira_Gulu
Za magetsi tsegulani mutu wake a Kabwerebwere, anthu ambiri akufuna. Pano tibwerere ku kabotolo ka pawindo.

Mlendo_waku_Leeds
Zikomo nonse, ndi a Mtumiki omwe. Funso lina: mawu akuti imperial akutanthauza chiyani? Ndimaganiza kuti ndi dzina la kampani.

Mdzukulu_wa_Wofulula
Ndi dzina la mtundu wa mowawo. M'zaka za m'ma 1700 ku London kunatchuka mowa wofiirira wotchedwa porter, dzina lochokera kwa amtengatenga a mumzindamo amene ankaukonda. Wamphamvu wake ankati stout porter, poti stout nthawi imeneyo linkatanthauza champhamvu, ndipo m'kupita kwa nthawi linatsala ndi lakuti stout lokha. Chakumapeto kwa zaka zimenezo fakitale ya Anchor ku Southwark, ya banja la Thrale, imene pambuyo pake inakhala Barclay Perkins, inkatumiza wamphamvu kwambiri ku St Petersburg, ku nyumba yachifumu ya mfumukazi Catherine the Great. Imperial ndiye kuti wa ku mpando wachifumu wa Russia. Mudzamva ena akuti anaupanga waukali kuti usaume ndi chisanu pa nyanja ya Baltic. Ine ndimaiona ngati nthano ya pa bala, chifukwa sitima zinkayenda nyanjayo ikasungunuka. Anthu ake ankangoukonda waukali.

Mtunduwu unatsala pang'ono kutha kuno, anaudzutsa ndi a Samuel Smith a ku Tadcaster, pafupi ndi kwanuko, m'zaka za m'ma 1980, kenako Amereka anautenga n'kuupititsa patali. Ku Chicago a Goose Island amaugoneka m'migolo imene munali kachasu wawo wa bourbon, umatuluka 14% kapena kuposa, ndipo amautulutsa kamodzi pa chaka kumapeto kwa Novembala, anthu kuchita kufola pa mzere m'chisanu. Umenewo kabotolo kamodzi mumagawana anthu atatu.

Chinanso, mowa woterewu sufulumira kuwonongeka ngati Green. Ukasungidwa pamdima pozizirira umatha zaka, ukali wa hops umaphwa, umayamba kukoma ngati mphesa zouma. Mukafuna sungani mpaka Khrisimasi ya chaka chamawa.

Gonthi_wa_Ndirande
Mmalawi kusunga mowa chaka chathunthu? Alendo a Loweruka mudzawauza chiyani?

Mjoni_wa_Rosettenville
Nanga kwathu stout anafika liti? Bambo anga ankangoti "ndipatseni wakuda" pa Kamba, ine ndili mwana ndikudikira Fanta panja.

Madala_aku_Dublin
Fakitale ya Carlsberg ya ku Makata mu Blantyre inatsegulidwa mu 1968, ndipo inali yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark. Ife tinakula tikuitanitsa mowa potchula mtundu wa pepala la pabotolo, Green, Brown, kenako Special ndi Stout. Mu 2016 a Castel a ku France ndiwo anagula. M'masiku athu stout ankamwa ndi madala a jekete ndi alonda ausiku, achinyamata tinkati ndi mowa wa okalamba. Lero kuno ku Ulaya ndi atsikana a ku yunivesite amene akuujambula pa foni. Disembala wa 2024 ku Britain Guinness anachita kuperewera, mabala ena kugawira makasitomala mochita kuwerenga. Ndinaseka ndekha.

MaiAwiri_Luton
Inu mukuiwala chachikulu, chakudya. Mwamuna wanga amamwa woterewu kamodzi pa chaka, ndipo ndinaona kuti umayenda ndi zamafuta ndi zamchere. Mang'ina ophika mpaka kulekana, nyama ya mbuzi yootcha, ngakhale mtedza wokazinga wothira mchere. Azungu amadyera tchizi chonunkha chija cha Stilton kapena Christmas pudding. Ndi chambo kapena nkhuku yowiritsa musayese, mowawo umaphimba zonse. Ndipo ngati walephera ndithu kukukomerani, musataye. Thirani theka mu nyama ya ng'ombe ndi anyezi ndi karoti, iphike pa moto wochepa maola atatu. Theka lokha, mukathira lonse msuzi uwawa. Ndinalakwitsapo chaka china, ana anadya nsima ndi shuga.

Kabwerebwere265
Tsopano apa mwayamba kulankhula zomveka. Mang'ina kuno mumagula kuti?

MaiAwiri_Luton
Mabutchala a halal ambiri amakhala nawo, funsani mapazi a ng'ombe, akudulirani pamakina pomwepo.

Mphwanga_wa_Glasgow
Ndiwonjezere chimodzi kwa amene muli ndi galimoto. Malire a mowa wa m'magazi poyendetsa galimoto kuno ku Scotland ndi otsika kuposa a ku England, 50 mg pa 100 ml ya magazi kuyambira Disembala 2014, pomwe kumusi kwanuko ndi 80. Kabotolo ka 10.5% kakhoza kukupyoletsani onse awiri. Apolisi nyengo ino amaima m'mawa, kudikira amene anamwa usiku akupita ku shifiti ya 7. Munthu wa viza ya ntchito mlandu woterewu umakutsatira mpaka pokonzanso mapepala.

Mlendo_waku_Leeds
Ndabwera ndi lipoti. Lero pa 26 sindikugwira ntchito. A Gonthi anakweradi basi, ndinkayesa nthabwala, afika 2 koloko atanyamula mapazi a ng'ombe mu jumbo. Taphika, tadya nsima kaye monga analamulira a Nesi. Kabotolo sikanalowe mu firiji. Matambula a vinyo ndilibe, tathira m'makapu agalasi a tiyi, theka theka.

Thovu lake silinali loyera, linali lofiirira ngati tiyi wothira mkaka pang'ono, ndipo dzana sindinalione n'komwe. Ndanyamula kapu ku windo monga ananenera madala, kuwala sikunadutse, kumphepete kokha ndiko kunafiira. Fungo ndiye landidabwitsa. A Kabwerebwere museke, koma khofi alimo. Kumwa koyamba kunawawabe, sindinama. Koma titacheza kapu ili m'manja, mowawo utafundako, kunabwera kutsekemera kwina ngati shuga wopserera pansi pa poto, ndipo pomeza umasiya kutentha pakhosi ngati kachasu wofatsa. Nkhoko zija zilimobe, koma ndi nkhoko zimene tinkalimbirana tili ana, osati zopserera zotaya. Ndi mang'ina zinagwirizana zedi, Mai Awiri Mulungu akudalitseni.

Theka limenelo latitengera mphindi 40. Kuti ndizigula ndekha, ayi, ndaona mtengo wake pa intaneti ndipo ndalama imeneyo kwathu ndi thumba la chimanga la amayi. Koma mzungu uja ndikamuuza zoona Lolemba, za firiza zomwe.

Gonthi_wa_Ndirande
Ine ndikuchitira umboni zonse, kupatula zakuti tinagawana theka theka. Kapu yawo inali yaikulu.

Ankolo_a_Mponela
Muone m'maso mawa ngati magazi sanawonjezereke.

Nesi_wa_Usiku
Ankolo!